Njinga Ija Musagulitse

Bambo a Salome,

Pepani mwapeza pakhomo palibe munthu. Ndathamangira ku Lirangwe kukabweza ndalama zimene a Lyford anaperekeratu pa njinga yanu yakabaza. Sitikugulitsanso!

Salome waimba foni m'mawa uno kuchokera ku koleji. Akuti, "Amayi, dzina langa latuluka, ngongole ya fizi andipatsa. Ndidzabweza ndekha ndikadzayamba ntchito, adadi asataye njinga yawo." Kani mwanayu anafunsira mwakachetechete ataona mmene mumasowera tulo. Ine ndimangomuyesa kamwana, koma watiposa nzeru tonse awiri.

Ndalira mpaka nyemba zapserera, ndiye za ndiwo muona nokha chochita.

Mumuimbire, akudikira mawu anu. Musayambe ndi mafunso a chiwongoladzanja, mumuyamikire kaye.

Amake Salome