Tasbihi ya ababa m'mphako ya mlambe

Okondedwa achimwene,

Salaam aleikum. Kuno ku Lungwena tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Loweruka mnzanga Mariamu anandiphunzitsa masewera omwe anaonera alendo kuhotela. Foni imakulondolera pomwe wina anabisa kabokosi, ndipo ukakapeza umatengamo kanthu n'kusiyamo kako. Tinayenda mtunda wautali m'minda ya chinangwa, mpaka tinakapeza m'mphako ya mlambe, kuseri kwa manda akale.

Achimwene, m'kabokosimo munali tasbihi ya ababa, mikanda yawo yopempherera ija. Ndinaizindikira ndi mkanda wofiira uja munalowetsapo inu ulusi utaduka. Si ija anali nayo tsiku lomwe bwato lawo linabwerera lokha kugombe? Kabokosi kanali kouma, koma tasbihiyo inali yonyowa, ikununkha usipa.

Mariamu anati, "Tenga, koma usiyepo chako." Ndinatenga tasbihiyo n'kusiyamo ndolo yanga. Lero kutacha, ndolo ija ndaipeza pamkeka womwe ababa ankaswalira.

Amayi sindinawauze. Chonde mundiyankhe msanga: ndikaibweze, kapena mwini wake wabwera kale? Mutichitire dua, ndipo Allah akusungeni ku Joniko.

Ine mlongo wanu,
Asiyatu