Manoti Atatu a Ba Mainess

Lolemba, 5 Okutobala 2015

Malaiti abwera masana, ndiye ndathamangira ku situdiyo ya ba Kasoma. Situdiyo! Kachipinda ka kuseri kwa butchala, makoma omata mathireyi a mazira, ntchentche zikuimba nawo kwaya. Tayamba kuika nyimbo mu filimu ya Landiledi Tisauke, Pati 19. Tisauke waukanso kwa akufa, kachitatu tsopano. Pa Pati 7 amene anafa anali mapasa mnzake, pa 12 anali maloto, ulendo uno ba K. akuti m'bokosi munali thunthu la nthochi.

Ntchito yanga sinasinthe. Chitseko chikatseguka, Tisauke n'kulowa kudzatolera lendi, ine ndidinde manoti atatu aja pa kiyibodi: tun-tun-tuuu. Ndinawapeka pa Pati 1 ndikudikira madzi a tiyi kuti awire. Lero ndinayesa kusanjikapo kachitoliro pamwamba. Ba K. anavula magalasi. "Moven, ine nifuna tun-tun-tuuu. Ivo vachizungu ukalize kunyumba kwako." Ndinawapatsa tun-tun-tuuu wawoyo.

Lachitatu, 7 Okutobala

Kunabwera Wilbroad, mnzanga wa ku kwaya kalekale, amene masiku ano akudzitcha wopeka nyimbo waufulu. Iye sabwereza ntchito, eti. "Filimu iliyonse ni mwana watsopano, boi. Iwe zaka zonse izi uyamwitsa ana atatu amene sakula." Ana ake a chaka chino ndi awa: kafilimu ka kolera ka bungwe lina, kulengeza mankhwala a makoswe pa wailesi, ndi vidiyo ya ukwati umene unatha vidiyoyo isanatuluke. Atamaliza kundilalikira za ufulu anabwereka chingwe changa china cha kiyibodi, n'kudyanso buledi wanga.

Chondiwawa n'choti sananame. Kondakitala akaona wapolisi pamsewu, tun-tun-tuuu. Mkazi akalowa m'bala kufuna mwamuna wake, bala yonse tun-tun-tuuu. Komboni yathu yonse ya Mtendere imaimba nyimbo yanga, koma wodziwa nkhope yanga palibe. Mwina bola choncho.

Lachinayi, 8 Okutobala

Malaiti kulibe, ufa wakweranso. Ndaliza kiyibodi yozima. Ikumveka bwino kuposa Pati 18.

Loweruka, 10 Okutobala

Alendo awiri. Woyamba Philomena, mtsikana wa ku Kaunda Square, wajambula filimu yakeyake ndi kamera yobwereka. Wachiwiri, nditasuzumira pakhomo ndinayamba kuganiza za lendi. Ba Mainess, amene amasewera Tisauke. Zaka zonsezi ndimawaona pagalasi, kunyumba kwanga anali asanapondeko. Ana a aneba anawatsatira kuchokera kumsewu akuimba zija.

Filimu ya Philomena ndi Nsapato za Nsama. Mnyamata Nsama akufuna ntchito, m'mawa uliwonse apolisha nsapato zake zokhazo n'kupita ku tauni. Tsiku lina sabwerako. Amake apita kuchipatala, abwerako ndi nsapato zokha m'manja. Basi, yathera pompo. Palibe mapasa, palibe nthochi. Amake Nsama ndi ba Mainess.

Ndinati chabwino, koma bwanji osapita kwa Wilbroad, katswiri wa ana atsopano? Philomena anati amayiwa akana. Ba Mainess anaika chikwama pansi n'kundiyang'ana. "Iwe ndiwe unanimanga, iwe ndiwe uzanimasula." Akuti kumsika azimayi ena amawakaniza tomato, ena amawakwezera mtengo kuti alipire misozi ya alendi awo. Zimenezo amaseka nazo. Koma chaka chatha, kumanda, ataitanidwa kuti akaike nkhata pa amuna awo, anyamata kumbuyo anayamba chapansipansi, tun-tun-tuuu, ndipo azimayi ena anabisa kuseka m'zitenje. "Nifuna chabe niyendeko mu maketi tsiku limodzi monga Mainess," anatero.

Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndi nkhuku ya eni m'jekete. Ndavomera.

Lachiwiri, 13 Okutobala

Nkhani mu komboni imathamanga kuposa minibasi. Ndisanakhale pansi ba K. anali atamva kale. "Filimu yamene imatha? Ikatha, mailo kukacha uzadya chani?" Anandiphunzitsa kuti Tisauke ndi chigayo, bola malaiti alipo chimangogaya. Ndinafunsa kuti nanga ba Mainess bwanji simukuwakalipira, poti iwonso asewerako uko. Anati nkhope ya Mainess sangaigule kwina, koma zala zili mbwee. Ndisankhe, Tisauke kapena kamtsikana ka nsapato.

Ndinanyamula kiyibodi pamutu, ndinatuluka monyada kwambiri. Kunyada kunathera pa siteji nditakumbukira kuti ya basi ndilibe. Ndayenda wapansi, dzuwa la Okutobala likundiwotcha pakhosi, kiyibodi pamutu ngati mtolo wa nkhuni.

Lachinayi, 15 Okutobala

Masiku awiri ndikupeka. Zeze, kulira kwa chitoliro, mawu a kwaya chapatali. Zokongola zedi, ngakhale ine mwini ndinagwetsako kamsozi. Wilbroad anamvera atatseka maso ngati m'busa, n'kunena kuti, "Wabadwa mwatsopano." Chingwe sanabweze.

Lachisanu, 16 Okutobala

Pati 19 yatuluka popanda ine. Ndinaipeza ku babashopu, anthu ali thithithi. Ndinaima pakhomo kudikira kuti ndimve mmene yaonongekera. Chitseko chinatseguka, Tisauke analowa, tun-tun-tuuu! Ba K. angodula za mu Pati 3 n'kumata. Ndazindikira chifukwa kumbuyo kukumveka tambala wa aneba amene tinamudya kalekale pa Khrisimasi.

Palibe ndi mmodzi yemwe anaona kusiyana. Wometa anati nyimbo ya ulendo uno yafikapo. Kutanthauza kuti kuyambira Pati 4 ba K. amandisunga ngati duwa la patebulo.

Loweruka, 17 Okutobala

Sindikufuna kulemba, koma ndilembe.

Tinaonetsa filimu masana mu holo ya tchalitchi china ku Kaunda Square, jenereta yobwereka ikutsokomola panja. Anthu anadzaza, poti kulowa kunali kwaulere. Ba Mainess anavala chitenje chatsopano, anakhala pambali panga. Zonse zinayenda bwino, chifukwa koyambirira amake Nsama amangomveka mawu ali kukhitchini, Philomena anasunga nkhope yawo mpaka kumapeto. Ndiye kumapetoko kunafika. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, ba Mainess analowa, nsapato m'manja, maso otupa. Zeze wanga anayamba kulira.

Holo yonse, ngati anapangana: TUN-TUN-TUUU!

Wina anakuwa kuti, "Walanda nsapato! Sanalipile lendi!" Anthu anagwa m'mabenchi ndi phwete. Zeze wanga sanamveke n'komwe. Philomena anagwira pakamwa. Ba Mainess anakhalabe pampando mpaka mayina a osewera atayamba kukwera, kenako ananyamuka, anakonza chitenje chawo, n'kutuluka osayang'ana munthu. Pakhomo ana anawaperekeza ndi nyimbo yomweyo.

Wilbroad akuti anthu a mu komboni sadziwa luso. Ndinatsala pang'ono kumumenya ndi benchi. Akudziwa bwino lomwe. Ndinawaphunzitsa ndine, pati ndi pati, ndipo anakhoza mayeso onse.

Lamulungu, 18 Okutobala

Lero dziko lonse likupempherera kwacha, mabala atseka. Ine ndapempherera kwacha pang'ono, kenako ndapita kwa ba Mainess ku Kalingalinga. Ndinawapeza akusankha nyemba. Ndinayamba kupepesa, ndikuti mwina Philomena adule chitseko chija, kapena alowere pawindo, kaya. Sanadzutse mutu. "Galu ni wako, Moven. Ukamubisila nyama azaluma ine. Mumange iwe mwine wake."

Sanandipatse mpando. Ndinabwerera ndi mawu amenewo, akundilira m'mutu njira yonse.

Lachiwiri, 20 Okutobala

Ndataya zeze, chitoliro ndi kwaya yomwe. Zinali zokongola, koma ndinazipekera Wilbroad, osati anthu a mu holo muja. Anthu aja akaona chitseko ndi nkhope ija, pakamwa pamayamba pokha. Sungawaletse. Chotheka n'kuwatsogolera, galuyo alowe m'nyumba filimu ikungoyamba, azolowere mbuye wina.

Ndatenga atatu anga omwewo, ndawachedwetsa, ndawafewetsa, n'kuwonjezapo noti yachinayi yotsika pansi, ngati munthu akukhala pampando atayenda ulendo. Tun, tun, tuuu, tum. Ndaika paliponse pamene Nsama akupolisha nsapato, pamene akuzivala, pamene akubwera madzulo n'kuzivula pakhomo. Nthawi iliyonse anayi. Pa chitseko chomaliza ndaika atatu okha.

Lachitatu, 21 Okutobala

Philomena anamvera, n'kundiyang'ana ngati ndamubera. "Ba Moven, nakupemphani nyimbo yatsopano, mwanibweletsela Tisauke?" Ndinamupempha aonere mpaka kumapeto. Anaonera. Anangotenga kadisiki n'kuika m'chikwama.

Wilbroad waseka mpaka kukhala pansi. Akuti ndine mkaidi amene amutulutsa m'ndende n'kupempha kuti apite ndi unyolo kunyumba. Ufulu wake uja sabata ino wamupezera ntchito yopeka nyimbo ya sing'anga wobweza okondedwa otayika. Ndamufunira mafuno abwino, ndamulandanso chingwe changa.

Lachisanu, 23 Okutobala

Mawa tionetsanso filimu, koma ba Mainess akuti sabwera. Philomena wapitako kawiri. Zikakanikanso mawa, ndidzakhala nditawaitanira anthu kuti awaseke kachiwiri, ndi nyimbo yanga, ndi dzanja langa.

Loweruka, 24 Okutobala

Tsiku la ufulu, holo yomweyo, jenereta yomweyo. Anthu achuluka kuposa sabata yatha, poti mbiri inamveka kuti kuli filimu yoseketsa ya Tisauke wolanda nsapato. Kumbuyo ndinaona ba K. atapinda manja, abwera kudzaonera maliro anga. Ba Mainess analowa filimu itayamba kale, atafunda chitenje kumutu, anakhala pabenchi ya pakhomo kuti pothawa pasatalike.

Nsama anatenga bulashi, nyimbo inayamba. Tun, tun, tuuu. Anthu anayamba kuseka, ena kuyang'ana chitseko cha m'filimu kuti landiledi alowa. Sanalowe. Kunangobwera tum uja, mnyamata akupukuta nsapato ndi malaya ake. Kachiwiri anaseka ochepa. Kachitatu mayi wina kutsogolo kwanga anali akung'ung'udza nawo, onse anayi. Pofika pakati, Nsama akavula nsapato pakhomo, holo inkamuthandiza kutsitsa tum ija ngati akumulandira katundu.

Ndiye chitseko chinatseguka. Ba Mainess, nsapato m'manja. Ndinamva anthu akukoka mpweya, ine ndinagwira benchi. Tun. Tun. Tuuu. Holo yonse inadikira yachinayi. Sinabwere. Kunangomveka jenereta panja. Mnyamata wina anayamba kuti "Wala..." koma wina anamugunda chigongono. Ba Mainess a m'filimu anaika nsapato pakhomo, pamalo pake pa masiku onse, n'kukhala pansi pambali pake. Mayi uja wa kutsogolo anafunda nkhope. Sanali kubisa kuseka.

Potuluka ba K. anandigwira paphewa, maso ali psuu, akuti ndi fumbi. "Moven, mwana wanga, iyi ni golide. Nsapato za Nsama, Pati 2. Mnyamata sanafe, kuchipatala anasokoneza mitembo." Philomena anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupita kukazimitsa jenereta. Ine ndinati ndiganizira. Sindiganizira. Kaya, ufa ukakweranso mwina ndiganizira.

Ndinaperekeza ba Mainess. Anati tidzere ku msika wa Kaunda Square, ndipo chitenje chija anachitsitsira m'mapewa. Titangolowa, anyamata oitanira mabasi anawaona. Tun-tun-tuuu! Ba Mainess anauma, zala zawo zinandilowa m'mkono. Kenako kumbuyo kwathu, mwa anthu otuluka mu holo, wina anatsitsa chapansipansi: tum. Winanso uko, tum. Anyamata aja anayang'anana, osadziwa kuti nyimbo yawo yamera mchira liti.

Ba Mainess anandisiya mkono. Ndinawafunsa ngati tsopano Tisauke amusiya. Anandiseka. "Nimusiye nidye chani? Pa Mande nili kwa Kasoma, nikafa kachinayi." Anayang'ana mzere wa azimayi a tomato, anakonza chikwama paphewa. "Koma lelo niyembekeze apa. Nifuna nikatsitse mtengo wa tomato monga munthu."

Ndinaima pamenepo ndikuwaona akukangana ndi mayi wa tebulo lachiwiri. Anabwerako ndi mulu umodzi, ndi tomato awiri a mbasela pamwamba.