Ndege Siima pa Lizulu

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kawale tilipo, mwendo wa Amayi ukupepukako.

Tikiti ya ndege munawagulira ija yagwira ntchito Loweruka. Tinawaperekeza ku Lumbadzi, koma ife tisanafike n'komwe kunyumba anaimba kuti atera kale ku Chileka. Ulendo wotha tsiku pa basi, ola silinakwane.

Komatu akudandaula. Akuti khanda la achemwali akaliona chimanjamanja, opanda ngakhale kabichi, poti ndege siima pa Lizulu. Anenetsa kuti pobwerera akwera basi, mwendo uwawe usawawe, adzagule kachewere wawo.

Chonde muwaimbire, mwina inu akumverani. Zikakanika, mutipezere ndege yoima pa Lizulu.

Mulungu azikusungani.

Ine mlongo wanu,
Nachisale