Zaka za a Sitima

Lolemba, 12 Ogasiti 2024

Jaji wa khoti lalikulu wafika pa Boma kudzagamula milandu yakupha. Wa amuna anga, a Sitima, uli Lachisanu. Zaka 6 ali pa limandi osaweruzidwa, ine kuno wokwatiwa ayi, mbeta ayi, wamasiye ayi.

Dzulo ankhoswe anakumana kwa malume. Agwirizana chonchi: jaji akapereka zaka zoposa 5, ukwati watha, Frank alowe. Zikachepa, ndidikire. Malume akuti mwana wa mlongo wawo si chimanga choti nkusungira anankafumbwe.

Frank, wakabaza wa njinga yamoto pa Chiringa, ndi amene wakhala akundifolera denga. Akuti sabata yonseyi azinditenga kukamvera milandu ya anzathu, tione dzanja la jajiyu kulemera kwake. Chifundo cha mwamuna ndimachidziwa ine, koma ndikwera.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Benchi ya kukhoti yandipweteka msana, koma ndaphunzira.

Woyamba, bambo wa ku Chiwalo, anabaya mnzake ndi mpeni. Wakana mpaka kulumbira pa manda a mayi ake, mboni zili zinayi. Zaka 25. Wachiwiri anamenya mlamu wake chibakera, mlamuyo nkugwera pamwala. Wavomera, walira, loya wake wati nkoyamba kupalamula. Zaka 4.

Ndiye zikuoneka motere: mpeni, ukakalambira komweko. Chibakera, ubwera ana asanakuiwale. Ukakana zinthu zoonekeratu, jaji amavula magalasi, ndipo akavula magalasi yamba kutsanzika abale.

F. salowa mkati, akuti amaopa apolisi chifukwa cha chipewa cha njinga chomwe alibe. Ndikangotuluka: "Zingati?" Ngati akufunsa zigoli.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Vuto ndi lakuti a Sitima sanagwiritse mpeni kapena chibakera. Chinali chikuni. Anakangana ndi Innocent pamowa za mbuzi yomwe inatidyera nandolo, anamumenya kamodzi kokha, Innocent osadzukanso. Lero ndimadikira mlandu wa chikuni kuti ndiyezere, sunabwere.

Njira yonse F. amalimbikira kuti chikuni ndi chida, sichingachepere 10. Ndati iwe unaphunzira liti zamalamulo. Akuti ananyamulapo loya. Ndaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa panjinga.

Usandifunse ndikufuna zingati, buku iwe. Sindikudziwa.

Lachinayi, 15 Ogasiti

F. wagula malaya atsopano, ofiira. Wafunsanso ngati pakhonde panga njinga ingakwane. Fisi ameneyu.

Kukhoti ndakhala benchi imodzi ndi a Belita, mayi ake a Innocent. Chichitikireni zija timapatukirana njira. Ndimafuna kusuntha, andigwira chitenje.

"Khala. Nawenso ukuwerengera eti? Nanenso."

Ananyema chinangwa chawo nkundipatsa. Kenaka anati, "Kaya amupatsa zingati, wanga anapatsidwa zonse."

Chinangwacho ndinachiika pamwendo. Masiku awiri ndakhala ndikuseka zaka za anthu, ndaiwala kuti mlandu uliwonse uli ndi manda ake. Lero F. atafunsa zingati, ndamuuza kuti aziyendetsa njinga.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndilembe ndisanaiwale.

A Sitima anawalowetsa ataonda, imvi zili mbuu, koma kuyenda ndi komwe kuja kokhotetsa phazi. Anandiona, anakweza nsidze ngati tinasiyana dzulo. Mtima wanga wopusawu unagunda.

Avomera mlandu wopha munthu mosafuna. Asanakhale pansi anatembenukira kwa a Belita: "Mayi, ndinakulakwirani. Mbuzi sinali yoti nkuferapo munthu." A Belita anangoyang'ana pansi.

Jaji analankhula nthawi yaitali, magalasi ali kumaso. Womasulira anati: "Zaka zisanu ndi chimodzi."

Sikisi. Yaposa ndi chimodzi. Malume, amene anavala jekete la maukwati, sanadikire. Ananyamuka monyang'ama kukauza F. panja. Ine ndinatsala pabenchi. Ndimayesa ndisangalala. Misozi ndiyo inabwera.

Koma jaji anali asanamalize. Womasulira anapitiriza kuti zakazo aziwerenge kuyambira tsiku lomwe anagwidwa. Ndipo poti wakhala kale zaka 6 pa limandi, atuluke lero lomwe.

Sabata yonse ine, katswiri wa zigamulo, ndimathamangira panja ndikangomva nambala. Mchira wa chigamulo sindinaumvepo ndi kamodzi komwe. Ankhoswe onse aja, ndi imvi zawo, amawerenga kuyambira lero ngati munthu anali ku tchuthi.

Nthungululu inangotuluka yokha. M'khoti! Wapolisi anandikalipira, ndinatseka pakamwa ndi chitenje. Nditayang'ana kumbali, a Belita anali akumanga mpango wawo pang'onopang'ono. Manyazi anandigwira. Podutsa anandiuza chapansipansi: "Ukamuuze asamadzere njira ya kwathu. Chaka chino chokha."

Panja ndinapeza malume akugwirana chanza ndi F., malaya ofiira ali psuu. Ataona a Sitima akutuluka ndi kajumbo kawo m'manja, opanda unyolo, malume anayamba kutsutsa.

"Koma sikisi yaposa faifi! Tinagwirizana!"

"Malume, sikisiyo adya kale," ndinatero.

Anakanda m'mutu nkunena kuti ali ndi kanthu koti akaone kumsika. Mpaka pano sanabwere.

F. sanatsutse. Anandiyang'ana nati, "Nthungululu ija ndinaimva. Mawu ako ndimawadziwa." Zinandipweteka, chifukwa munthuyu sanandilakwirepo.

A Sitima anamuyang'ana kuyambira ku malaya mpaka ku nsapato. Kundende nkhani zimafika msanga kuposa sopo.

"Ndinu a Frank? Ndamva denga silidontha. Zikomo."

"Ndi udzu wabwino," anatero F.

Minibasi inali itapita. Njinga inali imodzi, ya F. Anailiza yekha, osauzidwa.

"Mervis, khala pakati," anatero a Sitima.

Ndinakhala. Kutsogolo msana wa malaya ofiira, kumbuyo nthiti zowerengeka. Sabata yonse ndakhala ndikugwira m'chiuno mwa F. Lero manja anazungulirazungulira, kenaka anakagwira mawondo a a Sitima.

F. anayang'ana pagalasi, anaona. Kuchokera pa Boma mpaka pa Chiringa, dzenje lililonse la mumsewu analowamo.