Nsalu za Chinkhoswe Chija

Highfields, Leicester
14 Novembala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Ine kuno moyo ulipo, koma mtima ukundiwawa. Nsalu za chinkhoswe zija musapite nazo kwa telala. Eston wabwerera m'mbuyo.

Ntchito yanga mukuidziwa. Mafuta a nyukiliya akatha ntchito kopangira magetsi, ife timafufuza njira yopatulira zabwino ku zinyalala zoopsa, monga mumapetera mpunga. Pachifuwa timavala kabaji koyeza radiyeshoni, mphamvu yosaoneka imene zinthuzo zimatulutsa. Kanga sikanafikepo ndi pafupi pomwe pa malire.

Tsoka sasimba. Tsiku lina ndinachoka kulabu, kuntchito kwathu, mothamanga, kabajiko kali pabulauzi, kupita ku Braunstone kwa Mayi Scholastica, azakhali a Eston, amene akanakhala ankhoswe ake. Atafunsa za kabajiko, ine wopusa ndinafotokoza monyadira. Mandasi amene ndinatengera palibe anawakhudza.

Mawa lake azakhaliwo anamuitana Eston. "Mwanawe, ine ndimaziona ku wodi. Mkazi wa ma radiation sabereka. Asiye ntchitoyo, apo ayi ingokansela." Ameneyo ndi nesi wathunthu, Amayi, woti amaperekeza odwala kukajambulidwa ku ekisire tsiku ndi tsiku.

Eston anabwera maso ali pansi. "Atu, ungorizaina basi. Ku Corby ma warehouse akulemba anthu." Ndinamuuza kuti sindinaphunzire zaka zonsezi kuti ndizikanyamula makatoni posangalatsa azakhali ake. Anatola jekete lake, mpaka lero zii. Chondipweteka si umbuli wa mayiwo ayi, koma kuti iye, wondidziwa bwino, sanandiikire kumbuyo ngakhale liwu limodzi.

Kulabu nakonso andikhazika pakompyuta. Sabata yatha ndinawauza abwana za m'thupi mwangamu, ndipo malamulo akuno salola kuti ndizigwira zinthuzo mmene ndililimu. Kafukufuku amene ndinamuyamba ndekha amalizitsa mnzanga Nadeem. Ndinalira m'basi njira yonse.

Eston sakudziwa, ndipo sindimuthamangira. Azakhali akewo, poti amaziona ku wodi, adzazionera komweko mu Meyi.

Mupereke moni kwa Bambo, koma nkhaniyi muwauze atadya kaye. Nsaluzo mugawire azimayi a kumpingo, mungondisungirako imodzi yofewa, ya mbereko. Musandikalipire pafoni, Amayi, ndilibe wina wotsala.

Landirani moni wa ife awiri.

Ndine mwana wanu,
Atuweni