Suti ya Bambo a Chisomo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Chipatako. Kuno ku Barking, kutsidya kwa nyanja, tilipo, koma mwana wanu, bambo a Chisomo, sanachirebe.

Lachiwiri tinapita kwa dokotala woyeza mmene nkhondo inawavulazira maganizo, kuti penshoni yawo ya usilikali idziwike. Anatchena suti, nsapato zili waliwali. Atafunsidwa mmene akumvera, anangoti, "Ndili bwino adokotala, sindidandaula." Munthu woti chitseko chikangomenyetseka amanjenjemera, sitima anasiya kukwera! Basi, dokotala analemba kuti vuto ndi laling'ono.

Tachita apilo kuti mwana wanuyu akayezedwenso. Chonde aimbireni foni, ine sandimvera. Munawaphunzitsa kupirira ndinu, Amayi. Auzeni kuti ulendo uno akadandaule.

Ambuye akusungeni.

Ndine mpongozi wanu,
Esnati