Siketi ya mwana wa akulu anga ndaikuza kawiri

Aphungu,

Ndine telala, ndimasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo pafupi ndi sukulu ya sekondale. Kuipa kwa ntchito yathuyi n'kwakuti tepi yoyezera sinama. Mtsikana akabwera kuti ndimukuzire siketi m'chiuno mokha, ndimadziwa nkhani yake mayi ake asanaidziwe.

Mwezi watha kunabwera mwana wa akulu anga, wa zaka 16. Ndinamubereka kumsana ndine, ndipo ndimamutcha Kamlomo chifukwa cha kulongolola. Anati wanenepa, ndinamukuzira. Patatha masabata atatu anabweranso kuti ndimukuzirenso. Nditamukulunga tepi anandigwira dzanja n'kuyamba kulira. "Amayi aang'ono, musawauze amayi, andipha." Nditamufunsa kuti zinatheka bwanji, anati, "Anzanga anandiuza kuti ulendo woyamba sutenga mimba." Aphungu, mwana amene amakhala nambala wani pa masamu!

Akulu angawo ndi wapampando wa komiti ya makolo. Ndi iwo analetsa namwino amene ankabwera kudzaphunzitsa ana za matupi awo ndi za kulera. Amati kudziletsa basi, zinazo n'kuwatsegula ana m'maso. Loweruka lino makolo agamula ngati namwinoyo abwerenso, ndipo akulu angawo andiuza kuti ndikawaikire kumbuyo. Si munthu woipa. Iwonso anasiya sukulu ndi mimba, ndipo ndinkawaona akulira anzawo akamapita kokalemba mayeso. Ndimawakonda, ndipo mantha awo ndimawamvetsa.

Koma dzulo m'thumba la siketiyo ndinapezamo kapepala ka nambala ya foni ya mayi wina amene amachotsa mimba kuseri kwa msika. Mtima wanga suli m'malo. Ndinalonjeza kusunga chinsinsi. Ndikaulula, mwanayu sadzandida?

E.K., telala wa pakhonde

Mayi telala,

Kamlomo ali ndi mwayi kukhala ndi inu. Koma tsekani kaye makinawo, nkhani iyi si ya singano.

Lero lomwe mukhazikeni pansi. Muonetseni kapepalako, osamukalipira. Muuzeni kuti mimba mukanamubisira masiku angapo, koma ulendo wakuseri kwa msika simungaubise, chifukwa ena amapita kumeneko osabwerako. Mawa mupite naye kuchipatala. Akamuyeze, adziwe miyezi yake, ndipo mafunso onse, ngakhale limene akuopa kulitchula, akafunse anthu amene anaphunzira ntchitoyo. Mufunseninso modekha mwini mimbayo. Ngati ndi munthu wamkulu, umenewo ndi mlandu, musaukwirire.

Akulu anuwo amve Loweruka lisanafike, ndipo amvere m'nyumba, osati kumsonkhano. Mupite awiri ndi mwanayo, inu mukhale pakati. Adzakuwa, asiyeni akuwe. Akatopa muwakumbutse mwachikondi kuti ululu umenewu amaudziwa kuposa tonsefe, ndipo muwafunse zimene iwo ankalakalaka munthu atawachitira nthawi ija. Mukambirane ndithu zoti mwanayu asataye sukulu.

Za mkangano wa kusukuluwo, ine kudziletsa sindikutsutsa. N'kwabwino, tiziwauza ana athu. Koma makolo tikatseka pakamwa pa namwino, phunzirolo silitha ayi, limangosamukira kwa anzawo a m'kalasi, ndipo mwaona nokha aphunzitsi amenewo zimene amaphunzitsa. Mukalankhule zimenezi Loweruka ngati mungathe, koma mwanayu musamutchule ngakhale pang'ono. Si chitsanzo chopambanira mkangano.

Chenjezo langa ndi ili: mukamuuza kuti mayi ake adziwa, musamusiye yekha mpaka zitachitika. Agone kwanu, ayende nanu. Mwana wamantha amathamanga kuposa inu.

Mwafunsa ngati adzakudani. Mwina adzatero. Akudeni chaka chonse, bola akudeni ali moyo.

Aphungu